Mndandanda wa kwa Tengani Umene Ndinakana Kusaina

Pa zaka makumi atatu ndi chimodzi zimene ndinagwira ntchito yosamalira anthu ovutika m'boma, pepala limene ndinakana kusaina ndi limodzi lokha. Linali mndandanda wa mabanja makumi awiri ndi asanu ndi awiri a m'mudzi wina wa kwa Tengani, amene ankachotsedwa pa thandizo la ndalama la mwezi ndi mwezi chifukwa sanapezeke pakhomo. Kukana kumeneko kunandimanitsa udindo umene anali atandilonjeza, n'chifukwa chake penshoni yanga ili mmene mukuioneramu. Inu ana anga munali aang'ono, ndipo chimene mumakumbukira n'chakuti tinasamuka mwadzidzidzi teremu ili pakati. Ndikulemba kuti mudziwe chimene chinachitika. Mayina a anthu ndasintha. Zina zonse ndazitenga m'makope anga, amene ali m'sutikesi yabuluu ija.

Chikwawa, zaka zisanu ndi zitatu zoyamba

Ndisanalowe m'boma ndinakhala zaka ziwiri pa kanyuzipepala kena ku Blantyre, ndikulemba nkhani za m'makhoti. Mkonzi wathu anandiphunzitsa zinthu ziwiri zimene sindinazisiye mpaka lero. Choyamba, usalembe chimene sunaone ndi maso ako. Chachiwiri, chikalata chilichonse uziwerenga mpaka tsamba lomaliza, chifukwa anthu ambiri amatopera pakati. Kanyuzipepalako katatsekedwa ndinabwerera kwathu kuchigwa cha Shire, ndipo ntchito yoyamba anandipatsa ku Chikwawa. Ofesi yathu inali chipinda chimodzi chimene tinkagawana ndi a zankhalango. Njinga yamoto inalipo imodzi, koma petulo ankakwanira masiku anayi pamwezi. Mapepala akatha tinkalemba kuseri kwa mafomu akale. Dera la Maseya ndinaliyenda lonse pa njinga yakapalasa, kutsata milandu ya ana amasiye ndi ya amayi olandidwa katundu mwamuna akamwalira. Anthu sankadziwa dzina la udindo wanga. Ankangoti amayi a Sosholo, ndipo dzina limeneli landitsata mpaka lero.

Sindikunena kuti kale zinali bwino. Thandizo linali lochepa, ndipo kochepako kankakonda kupita kwa amene ali ndi m'bale pamalo oyenera. Chaka china cha njala ndinaona ndi maso anga matumba a chimanga akutsitsidwa pakhomo pa munthu wa khola lodzaza ng'ombe, pamene mayi wakhungu woyandikana naye ankaphika nyika, timizu takuda ta m'madzi tija. Ndinalemba lipoti. Bwana wanga wa nthawi imeneyo analiwerenga, nandiuza kuti, "Mayi Dinala, mumalemba bwino kwambiri," kenako analiika m'kabati. Choncho pamene tinamva kuti kukubwera pulogalamu ya ndalama zochokera ku bungwe lalikulu lakunja, yokhala ndi malamulo olembedwa oti palibe angawapotoze, ine ndinali woyamba kuwomba m'manja. Ndikufuna mudziwe zimenezi, kuti musaganize kuti amayi anu ankadana ndi malamulo kapena ndi alendo.

Nsanje, chaka chimene matabuleti anabwera

Pulogalamuyo itayenda zaka zingapo, ine ndili ku Nsanje monga woyang'anira dera la Tengani, anatiitana ku maphunziro a masiku atatu pa hotelo ina ku Blantyre. Anatipatsa buku lochindikala la malamulo atsopano. Eni ndalama ankafuna umboni woti mabanja amene akulandira alipodi, ndipo sindiwadzudzula pa zimenezo. Njira yake inali iyi. Kampani ina yolembedwa ntchito kulikulu inkatumiza achinyamata ake ndi matabuleti, makina onga foni yaikulu. Aliyense ankaima pakhomo pa banja, makinawo n'kuika kadontho pa mapu, iye n'kujambula mwini nyumba ataima pachitseko. Banja losapezeka maulendo awiri m'masabata awiri linkalembedwa kuti linasamuka, ndipo linkachotsedwa.

Ndinakweza dzanja n'kufunsa kuti kalemberayu adzachitika mwezi uti. Anandiyankha a Nyirongo, bwana wochokera kuunduna amene ankatsogolera maphunzirowo. Anati mu Ogasiti, chifukwa misewu imakhala youma, ndiponso lipoti liyenera kufika kwa eni ndalama Seputembala asanathe, apo ayi ndalama za chigawo chotsatira sizituluka. Ndinati, "Bwana, mu Ogasiti munthu wosauka wa m'mbali mwa Shire sakhala pakhomo. Amakhala kudimba." A Nyirongo anaseka mwaulemu ndithu. Anati, "Mayi, mgwirizanowu unasainidwa kale ndi akuluakulu. Tabwera kudzakuphunzitsani, osati kudzatolera maganizo." Mlangizi wina wa bungwe lakunja lija, bambo wofatsa amene ankakhala pakona ndi kompyuta yake, atamumasulira mawu anga analemba kanthu n'kunena kuti ndi mfundo yabwino, idzaganiziridwa m'chigawo chotsatira. Chigawo chotsatiracho chinali patsogolo zaka zinayi.

Inu munakulira pa Boma, ndiye ndifotokoze. Banja la m'mbali mwa mtsinje limakhala pawiri. Nyengo ya mvula limakhala kumtunda, kumene kuli nyumba yeniyeni, n'kumalima mapira, mchewere ndi thonje. Madzi osefukira akaphwa, anthu amatsikira kudambo, kumene nthaka imatsala yonyowa, n'kudzala chimanga, mbatata ndi nyemba. Kumeneko amamanga timisasa ta bango n'kukhala miyezi itatu kapena inayi, chifukwa munda wosiyidwa tsiku limodzi mvuu zimaumaliza. Pochoka kumtunda, mwini nyumba amamanga chitseko ndi waya n'kupingasa nthambi ya minga pakhomo kuti mbuzi zisamagone pakhonde. Mwana aliyense wa kuno akaona nthambi imeneyo amadziwa kuti eni ake ali kudimba. Nyumba yosiyidwadi imadziwika ndi denga, chifukwa wosamuka amasasula mitengo ndi chitseko chomwe. Ndipo amene amapezeka pakhomo mu Ogasiti ndi wa golosale, wa ng'ombe, ndi wa mwana wake wogwira ntchito kumunda wa nzimbe. Mwezi umene galimoto ya alendo imadutsa bwino ndi mwezi womwewo umene osauka sapezeka.

Kwa Tengani, Seputembala wa chaka chomwecho

Mndandanda unafika pa ofesi Lolemba. Pa dzina lililonse mwa makumi awiri ndi asanu ndi awiriwo panalembedwa kuti nyumba yosiyidwa, ndipo panali chithunzi. Ndinaziyala zithunzizo patebulo. Zonse kupatula chimodzi zinali ndi denga labwinobwino ndi nthambi ya minga pakhomo. Achinyamata a kampani aja anali ochokera kumtunda, ndipo anagwira ntchito yawo monga anawauzira. Palibe anawauza tanthauzo la minga.

Bwana wathu wa pa ofesi, a Likongwe, sanali munthu woipa. Anali atatsala zaka ziwiri kuti apume, ndipo ankafuna azimalize mwabata. Anati, "Mayi Dinala, ingosainani, pofika Lachisanu zipite. Mukudziwa kuti popanda siginecha yanu dera lonse la Tengani sililandira, ngakhale amene anapezeka pakhomo. Ndipo kalata yanu yokwezedwa ija ili patebulo la anthu omwewa a kulikulu." Ndinawapempha masiku atatu kuti ndikaone ndekha. Anati petulo palibe. Ndinati ndikwera matola.

Amene anandiperekeza ndi a Zuze, wapampando wa komiti ya pulogalamuyo m'mudzimo, msodzi wa zaka pafupifupi makumi asanu, wokonda kuseka. Nditawaonetsa mndandanda uja anawerenga mayina mokweza, akugwedeza mutu. "Ameneyu akuti anasamuka? Dzulo lomweli wandibwereka khasu, ndiye wasamuka nalo? Uyunso? Amayi a Sosholo, uyu ndi mlamu wanga. Akanasamukadi ndikanapha nkhuku." Tinayenda wapansi ola limodzi ndi theka, kenako tinakwera bwato lawo, limene iwo m'Chisena ankati mwadiya. Linkalowa madzi pang'ono, ndipo anandipatsa chigubu chodulidwa kuti ndizikapa. Anati, "Lero boma ligwireko ntchito."

Munthu woyamba kumupeza anali mayi Rozina, mayi wamasiye amene ankalera ana anayi, awiri ake ndi awiri a malemu mng'ono wawo. Mwendo wawo wakumanzere unali wotupa chiyambire kale, moti ankakumba mbatata atakhala pansi. Atationa anafuula kuti, "Amayi a Sosholo, mwabwera kudzagula mbatata kapena kudzatiwerenga?"

Ndinati, "Ndabwera kudzaona ngati mulipo. Makina akuti munasamuka."

"Ndasamukira kuti ndi mwendo uwu? Ku Joni?" Anaseka, koma ataona kuti ine sindikuseka, analeka. "Ndiye kuti chiyani?"

Ndinawauza zoona, kuti dzina lawo likuchotsedwa. Anapukuta dothi pa mbatata imodzi. Kenako anati, "Boma limafuna ndikhale pakhonde masabata awiri kudikira ana a makina aja, mvuu zikundidyera chimanga? Nkhabe, sizingatheke. Ndikanakhala pakhomo bwenzi mutandipeza, inde, koma bwenzi mu Disembala mukubwera kudzatiika m'manda." Analoza mtsikana wamtali amene ankayanika tinsomba ta m'dambo pa mphasa chapatali. "Joana uyo ali Sitandade 8. Wabwera kudzandithandiza poti sukulu sinatsegule. Ndalama zanu zija ndi zimene zimamugulira yunifolomu ndi sopo. Mukazichotsa, mundiuze chomuuza."

M'masiku awiri ine ndi a Zuze tinayenda msasa ndi msasa. Ndinalemba dzina, malo, mbewu zimene zinali m'munda ndi anthu amene ndinawapeza. Mwa mabanja makumi awiri ndi asanu ndi awiri aja, makumi awiri ndi asanu tinawapeza kudimba. Banja limodzi linasamukiradi kutsidya, ku Mozambique, ndipo ndilo la chithunzi chopanda denga chija. Lina linali la bambo wokhala yekha amene anamwalira mu Julayi, nthambi yake ikadali pakhomo. Makina analondola pawiri.

Lachisanu lake, ndi masabata asanu ndi limodzi otsatira

Ndinapereka lipoti la masamba anayi kwa a Likongwe n'kuwauza kuti ndisaina mndandanda wa mayina awiri, osati wa makumi awiri ndi asanu ndi awiri. Anati kompyuta ya kulikulu siilandira mndandanda wosinthidwa ndi munthu wa m'boma laling'ono, chifukwa eni ndalama anaipanga dala choncho kuti ife tisamalowetsemo abale athu. Masana a tsiku lomwelo a Nyirongo anaimba foni. Ndinalemba mawu awo m'kope foniyo itangodulidwa, ndiye ndikuwakumbukira bwino. Anati, "Mayi, mukudziwa kuti ndalama izi si zathu? Eni ake akaona kuti maofesala akukana zotsatira za kalembera, adzati boma likubisa anthu abodza, ndipo adzaimitsa dziko lonse. Mukufuna dziko lonse livutike chifukwa cha mudzi umodzi?" Ndinati, "Bwana, pamwamba pa malo osainapo palembedwa kuti ndatsimikiza kuti mabanjawa kulibe. Ine ndawaona, ndadya nawo mbatata. Ngati eni ndalama akufuna zoona, zoona zake ndi zimenezi. Muwatumizire lipoti langa." Anati lipoti langa silili m'dongosolo. Ndinati ndiye siginecha yanganso siikhalamo.

Musaganize kuti anthu anandinyamula paphewa. Dera lonse la Tengani silinalandire masabata asanu ndi limodzi, ndipo aliyense anadziwa kuti wachititsa ndani. Tsiku lina pamsika mayi wina amene banja lake linapezeka pakhomo anandiima kutsogolo, mwana ali kumbuyo. Anati, "Inu ndinu amayi achilungamo aja? Ana anga adya chilungamo chanucho lero?" Mayiyo sanalakwe. Abambo anu anandifunsa kawiri ngati ndaganiza bwino, kachitatu sanafunsenso. Pamapeto pake kulikulu kunabwera kalata yopatsa a Likongwe mphamvu yosaina m'malo mwanga. Anasaina. Dera linalandira, ndipo mabanja aja anachotsedwa.

Apa ndi pamene phunziro la mkonzi uja linandithandiza. Ndinatenga buku la malamulo lija n'kuliwerenga mpaka kumapeto. Kumasamba omaliza, amene pa maphunziro aja sitinafikeko chifukwa nthawi ya alawansi inali itakwana, kunali gawo la madandaulo. Linkati banja lochotsedwa lili ndi masiku makumi atatu odandaula podinda chala pa fomu, ndipo nthumwi ya kulikulu iyenera kukaliona banjalo pamaso m'masiku makumi asanu ndi limodzi. Zikapanda kutero, banjalo libwezeretsedwe. Lamuloli analiikamo ndi eni ndalama omwewo. Mafomu ake sanatumizidwe ku ofesi yathu n'kamodzi komwe, koma chitsanzo chinali m'bukumo. Ndinachitaipa ndekha, n'kubwerera kudimba ndi a Zuze ndi kabokosi ka inki. Mabanja makumi awiri ndi asanu anadinda. Mayi Rozina atadinda anayang'ana chala chawo n'kuthokoza m'Chisena kuti, "Takhuta. Koma akadzabwera abwana amenewo muwauze avale nsapato zoti zinyowe."

Sanabwere. Masiku makumi asanu ndi limodziwo anathera m'mvula, msewu utaduka pawiri. Ndinawerenga masikuwo pa kalendala, ndipo tsiku lotsatira ndinalemba kalata yokumbutsa kulikulu lamulo lawo, ndi kope lake kwa mlangizi wofatsa uja. Iye anayankha ndi mizere itatu yothokoza. Mu Malichi mabanja onse makumi awiri ndi asanu anabwezeretsedwa.

Koma miyezi imene anakhala opanda kanthu inali miyezi ya njala. Mbatata za kudimba zinatha mu Disembala. Mu Januwale Joana anasiya sukulu n'kupita kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Limbe, ndipo mayeso a Sitandade 8 sanalembe. Nditapita kukawauza mayi Rozina kuti dzina lawo labwerera, ndinawapeza kumtunda, atakhala pakhonde la nyumba yomwe ija inalembedwa kuti yosiyidwa. Anati, "Dzina labwerera, amayi a Sosholo. Mwana ndiye sanabwerere."

Chakumtunda kwa Chikwawa, zaka zomaliza

Kalata yanga yosamutsidwa inafika sabata yomwe mabanjawo anabwezeretsedwa. Inati ndikupita kukalimbikitsa ntchito pa kaofesi kena ka kufupi ndi Kapichira, kumene kunalibe pulogalamuyo n'komwe. Udindo uja anapatsa mnzanga wina amene ndinamuphunzitsa ntchito ndine. Potsanzikana, a Likongwe anandigwira dzanja nthawi yaitali. Anati, "Mayi Dinala, ndikufunseni ngati mchimwene wanu. Mwapindula chiyani? Mukanasaina tsiku loyamba lija, madandaulo omwewo mukanalemba, udindo mukanaupeza, ndipo dera silikanagona ndi njala." Funso limeneli ndaliganizira zaka zambiri, ndipo mwina theka lake n'loona. Koma ndikanasaina, nthumwi iliyonse ikanangotulutsa pepala lokhala ndi dzina langa lotsimikiza kuti anthuwo kulibe, madandaulo n'kufera pomwepo. Ndipo ndikanasaina kamodzi chinthu chimene ndaona kuti n'chabodza, sindikudziwa chimene ndikanakana kachiwiri. Ndinawayankha kuti, "Achimwene, ndapindula kuti kwa Tengani ndikhoza kutsika m'basi masana osabisa nkhope."

Ku Kapichira ndinakhala zaka zisanu ndi zinayi mpaka kupuma. Magetsi ankapangidwa pafupi pomwepo, koma ofesi yanga inalibe ngakhale babu. Ndinabwerera ku ntchito yanga yakale ya ana amasiye ndi milandu ya katundu, pa njinga yakapalasa, ndipo sindinadandaule. Chaka chilichonse ndinkalemba kalata imodzi yopita kuunduna, yopempha chinthu chomwechomwecho: asinthe mwezi wa kalembera m'madera a m'mbali mwa Shire, kapena olembawo atsatire anthu kudimba. Makope a makalata onse asanu ndi anayi ali m'sutikesi muja. Yankho linabwera limodzi, lonena kuti nkhaniyi ili m'manja mwa abwenzi athu akunja. Mnzanga wina amene anakhalapo pa zokambirana zawo anandiuza kuti abwenziwo akafunsidwa amati nkhani ya miyezi ili m'manja mwa boma.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti ndalama zakunja si zoipa, ndipo malamulo olembedwa anathetsadi umbava wina umene ndinauona ndili mtsikana. Choipa n'chakuti anthu athu amapita kukasaina mgwirizano asanafunse aliyense amene anakwerapo bwato, ndipo akabwerako amaopa kunena kuti pali polakwika, ngati kuti munthu wolandira thandizo saloledwa kudziwa dziko lake. Mlendo sangadziwe tanthauzo la nthambi ya minga. Koma m'chipinda chimene munasainidwa mgwirizanowo munali Amalawi, ndipo ntchito yawo inali kumuuza.

Chaka chino

Mayi Rozina akadalipo, ndipo akadalandirabe. Joana ali ndi ana awiri, amagulitsa tomato ku Limbe. Sabata yatha a Zuze anandiimbira foni. Akuti pulogalamuyo ikulowa chigawo china chatsopano, ndipo Lachiwiri likubwerali pa Boma la Nsanje pali msonkhano womva maganizo a anthu, umene kudzakhale akuunduna ndi nthumwi za eni ndalama. Pa pepala limene komiti yawo yalandira, kalembera waikidwanso mu Ogasiti. Ine sanandiitane, poti ndinapuma. A Zuze aitanidwa, ndipo akuti m'kalata yawo mwalembedwa kuti akhoza kubwera ndi munthu mmodzi wowathandiza Chingerezi. Anati, "Chingerezi changa chadwala mwadzidzidzi, amayi a Sosholo. Mubwere ndi makope anu aja. Ine ndadula kale nthambi ya minga, ndidzaimangirira pa njinga kuti alendowo adzaione pafupi."

Ndasita kale chitenje, ndipo makope ndawatulutsa m'sutikesi. Minibasi yoyamba imanyamuka kuno ku Nchalo 6 koloko m'mawa. Msonkhano uyamba 9 koloko, ndipo ndikakhala pa benchi yakutsogolo.